Kalata kwa Nabanda: mizere iyambe, utoto utsatire

Highfield, Harare

Wokondedwa mwana wanga Nabanda,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi anzako amene ukukhala nawo kumeneko. Ife kuno tili bwino. Ndasankha kulemba kalata ngakhale kuti tili mumzinda umodzi, chifukwa Lamlungu lija unkationetsa zithunzi zako pa laputopu m'nyumba munali alendo, ndipo sichikanakhala chanzeru kuti ndikutsine khutu pamaso pa azakhali ako, amene ankangoombera m'manja chithunzi chilichonse chimene chaonekera.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti dzanja lako lakula. Chithunzi cha msewu wa Leopold Takawira, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, chinandikhazika chete kwa kanthawi, chifukwa mtundu wapepo umene unaupeza pa kompyutapo ine sindinaupezepo m'zaka zonse zimene ndakhala ndikusakaniza penti m'zitini polemba zikwangwani za m'masitolo. Koma nditachiyang'ana kachiwiri ndinaona chimene chandilembetsa kalatayi: utoto wako wathamanga, wasiya mizere m'mbuyo.

Uchitsegulenso chithunzicho ndipo uyang'ane anthu anayi amene akuyenda m'mbali mwa msewu. Mayi wapafupi mutu wake uli m'mwamba, wachiwiri mutu watsika pang'ono, ndipo bambo wakutali uja mutu wake wafika pa chiuno cha mayi woyamba. Msewu umene unajambulawo ndi wathyathyathya, ndipo iwe unaujambula ngati munthu woimirira. Zikatero mitu ya anthu aakulu onse, wapafupi ndi wakutali yemwe, imayenera kugwera pafupifupi pa mzere umodzi, womwe ndi msinkhu wa maso ako. Chimene chimasintha ndi mapazi, amene amanka nakwera pa pepala munthu akamatalikira. Ukajambula utakhala pansi, mzerewo umatsika n'kudutsa anthu oimirira cha m'chiuno kapena m'ntchafu, koma umawadutsa onse pamalo ofanana. M'chithunzi chako mzere umenewu mulibe, n'chifukwa chake madenga a nyumba akuloza kwina, mphepete mwa msewu kukuloza kwina, ngati kuti wojambulayo anayamba ali pansi n'kumalizira ali pamwamba pa makwerero.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi manyazi. Usanabadwe, mwini sitolo ina ya mipando ku Machipisa anandipatsa ntchito yojambula bedi ndi tebulo pa khoma la sitolo yake. Ndinapaka utoto wabwino, matabwa akuwala ngati opolishidwa, koma nditatsika pa makwerero n'kuwoloka msewu ndinaona tebulo lopendekeka, loti mbale ikanatsetsereka n'kugwa. Mwini wake anakana kundilipira mpaka nditafafaniza khoma lonse ndi penti wogula ndekha. Mkulu wina amene tinkagwira naye ntchito ndiye anandionetsa njira: anakhoma msomali pakhoma pa msinkhu wa maso a munthu woima mumsewu, namangirirapo chingwe chopaka choko, ndipo mzere uliwonse wopita kutali tinkaumenya ndi chingwecho kuchokera pa msomaliwo. Msomali umenewo ndi umene aphunzitsi ako amautcha vanishing point. Iwe wemwe unandiuza chaka chatha kuti mmisiri wa zomangamanga Filippo Brunelleschi anaonetsa zimenezi ku Florence, ku Italy, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 pogwiritsa ntchito thabwa loboola ndi kalilole, ndiponso kuti Leon Battista Alberti anazilemba mu 1435. Mayina ndi zaka ukuzidziwa kuposa ine. Chatsala n'chakuti zitsike kuchoka m'mutu zifike m'dzanja.

Ndikudziwa kuti pulogalamu ya Krita imene umagwiritsa ntchito ili ndi zida zokulozera mizere ya perspective, luso loonetsa kufupi ndi kutali pa chithunzi, ndipo sindikukuletsa kuzigwiritsa ntchito, pakuti n'chimodzimodzi chingwe changa cha choko. Koma chingwe sichisankha pokhoma msomali. Ngati sunayambe wadzifunsa kuti waima pati ndipo maso ako ali pa msinkhu wanji, kompyuta idzakupatsa mizere yowongoka bwino yopita kolakwika.

Unandiuza tsiku lija, mwaulemu ndithu, kuti kupendekekako ndi sitayelo yako. Mawu amenewa ndawasinkhasinkha sabata yonse. N'zoona kuti luso silinayambire ku Florence. Amene anajambula nyama m'mapanga a ku Domboshava, kapena m'miyala ya Chongoni kwathu ku Dedza, sanakhome msomali uliwonse, ndipo palibe anganene kuti ntchito yawo ndi yoperewera. Osema miyala a ku Tengenenge, kumene kuyambira mu 1966 kunasonkhana anthu a m'mafamu kuphatikizapo ochokera ku Malawi, ankakulitsa mutu n'kufupikitsa miyendo mwadala, ndipo miyala yawo inafika kunja kwa nyanja. Koma anthu amenewa sankayesera kukunamiza kuti ukuyang'ana pawindo. Iwe wajambula msewu wopapatira kutali, ndiye kuti walonjeza woonera kuti akhoza kuyendamo, ndipo akapunthwa pa sitepe yachiwiri sanganene kuti ndi sitayelo. Tsiku limene udzathe kujambula msewuwo molondola, kenako n'kuupinda mwadala pa chifukwa chimene ungathe kundifotokozera, ndidzakhala woyamba kuomba m'manja.

Tsono pempho langa ndi ili. Kwa mwezi umodzi, tsiku lililonse usanayatse laputopu, utenge pensulo ndi pepala ujambule chinthu chimodzi chimene chili pamaso pako, ndipo mzere woyamba pa pepalapo ukhale wa msinkhu wa maso. Uyambe ndi khonde la nyumba imene ukukhala, pamene mizere yonse ikukathera pamalo amodzi. Kenako ukaime moyang'anizana ndi ngodya ya chinyumba cha Eastgate, pamene khoma lina likuthawira kumanja, lina kumanzere, lililonse ndi msomali wake, ndipo misomali yonse iwiri ili pa mzere umodzi. Ukafuna pakati pa khoma lopita kutali, usayeze ndi rula, koma ulumikize ngodya zake zinayi ndi mizere iwiri yopingasana, ndipo pamene yadutsana ndiye pakati, ngakhale diso likuuze kuti theka lakutali lachepa. Usanyozenso zinthu zozungulira. Kukamwa kwa mphika wa amayi ako ukauika pansi kumaoneka kotambasuka, ukaukweza pa tebulo kumaphwatalala, ukafika nawo pa msinkhu wa maso kumasanduka mzere chabe. Matayala a kombi imene ili m'chithunzi chako ndi ozungulira ngati ndalama yachitsulo pamene kombiyo yatembenukira kutali, ndipo anayenera kuoneka ophwatalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga, ndipo mwezi umodzi si wautali.

Za utoto sindinena zambiri, chifukwa kumeneko ndiwe mphunzitsi wanga. Komabe utoto nawo uli ndi kutali ndi kufupi kwake. Ukakwera pa kaphiri ka Kopje nthawi ino ya fumbi ndi utsi wa lupsa, udzaona kuti nyumba zapafupi zili ndi mthunzi wakuda ndi m'mphepete mwakuthwa, pamene zakutali zatuwa, zapendekera ku buluu, ndipo mawindo ake sawerengeka. Iwe mtengo wakumapeto kwa msewu waupatsa pepo wowala mofanana ndi wapafupi, choncho walumphira kutsogolo n'kuphwanya mtunda wonse. Uzichotsa mitundu kwa kanthawi, chithunzi chikhale chakuda ndi choyera chokha, kuti uone ngati chapafupi ndi chakutali zikusiyanabe. Poti umaika mizere, utoto ndi mithunzi pa ma layer osiyana, amene ali ngati mapepala oonekera osanjikizana, kuyesa kumeneku sikukuonongera kanthu, mwayi umene ine wa burashi ndi thinala sindinaulawepo. Uyang'anenso mithunzi: ya mitengo ndi yaitali ngati ya madzulo, ya anthu yafupika ngati ya masana a Okutobala pamene dzuwa lili pafupifupi paliwombo. Usankhe nthawi imodzi.

Unadandaulanso kuti chithunzicho chitasindikizidwa pepo uja anazilala, ndipo unkaganiza kuti osindikiza anakuchitira chinyengo. Mwina ayi. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pamene makina osindikiza amagwiritsa ntchito inki zinayi zimene amazitcha CMYK, ndipo inki singafike pa kuwala kwa mitundu ina, makamaka pepo ndi buluu woyaka. Ulendo wina usanapereke ndalama ya pepala lalikulu, uwafunse mtundu wa fayilo imene akufuna, uyambe ntchito yako pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kumene idzasindikizidwe, ndipo uwapemphe kaye kachidutswa kakang'ono koyesera.

Loweruka likubwerali ubwere ndi pepala lalikulu ndi mapensulo, laputopu uisiye. Tikakhala pa khonde kuyambira m'mawa tijambule msewu wathu uno, iwe utaimirira, ine nditakhala pa mpando wanga, kenako tiike mapepala awiriwo pamodzi tione pamene mitu ya anthu odutsa yagwera. Loweruka linalo ndikufuna undiperekeze ku National Gallery, pa Julius Nyerere Way, imene inatsegulidwa mu 1957 koma ine ndalowamo kawiri kokha, kuti ukandionetse zithunzi zimene ukuti zinapindidwa mwadala. Chingwe cha choko chija ndachipeza m'bokosi la zida, ndipo amayi ako akuti ubwere ndi kontena yawo ija unatengeramo nyemba.

Ndine bambo ako,
Banda