Kalata Yochokera ku Glasgow M'nyengo ya Chisanu

Glasgow, Scotland
28 Januwale

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino ndithu, Mulungu akundisunga. Mundikhululukire kuti ndachedwa kuyankha funso limene munandifunsa mu Novembala, pamene munafuna kudziwa ngati kuzizira kwa kuno kukufanana ndi kuja tinkakumva ku Dedza mu Juni, tikupita kusukulu manja ali m'khwapa. Ndinaona kuti nkhani imeneyi siyokambirana mothamanga pa WhatsApp, ndiponso ndinafuna kuti ndiyambe ndaiona ndi maso anga nyengo yonseyi ndisanakuuzeni kanthu.

Chinthu chimene chandilemera koposa ndi mdima. Kuzizira munthu amakugonjetsa ndi chikhoti, magolovesi, chipewa ndi nsapato zabwino, koma mdima ulibe chovala chake. Cha pa 21 Disembala dzuwa limatuluka nthawi ili pafupi 8:45 m'mawa, ndipo pofika 3:45 masana limakhala litalowa kale, kotero kuti tsiku lonse kumawala maola 7 okha. Ngakhale m'maola amenewo dzuwa silikwera kufika paliwombo monga kwathu. Limayenda m'munsi, chapafupi ndi madenga a nyumba, ndipo nthawi zambiri limabisika m'mitambo. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndimalowa 8 koloko m'mawa ndi kuweruka 8 koloko usiku, choncho pali masiku atatu kapena anayi otsatizana amene ndimachoka kuli mdima ndi kubwerako kuli mdima, dzuwa ndikungolionera pawindo. Sabata zoyambirira thupi langa linkasokonezeka: ikamakwana 5 koloko madzulo tulo tinkandigwira ngati kuti ndi pakati pa usiku, mtima unkangokhala wolemera popanda chifukwa chimene ndikanachiloza ndi chala, ndipo ndinkalakalaka kwathu kwambiri. Anamwino anzanga anandiuza kuti vutoli ndi lodziwika kuno, ndipo a zaumoyo amalangiza anthu onse kumwa vitamini D, mamaikirogalamu 10 patsiku, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pamene ife a khungu lakuda amatilangiza kumwa chaka chonse chifukwa khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitamini ameneyu. Ndinamvera, ndipo ndinadziikiranso lamulo loti tsiku lililonse limene sindili kuntchito ndizituluka masana kukayenda m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde kapena wa Kelvin, ngakhale kunja kukugwa mvula.

Mwina mwazindikiranso kuti masiku ano ndikumaimba foni nthawi yosiyana ndi kale. Kuno amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndiye kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa Malichi inu muli patsogolo pathu ndi maola awiri.

Ana anu anapempha chithunzi cha chipale chofewa, koma muwauze kuti mu Glasgow sichigwa kawirikawiri, ndipo chikagwa sichichedwa kusungunuka, chifukwa mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic imabweretsa chinyontho ndi kafundidwe pang'ono. Chimene chimachuluka ndi mvula yowaza, yofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, kungoti ya kuno imatha kukhala sabata yathunthu osakata. Eni dziko ali ndi liwu lawo la tsiku lotere, lamitambo, lonyowa ndi lozizira: amati kuli dreich, ndipo mudzalimva pamalo okwerera basi, m'sitolo ndi pakhomo la tchalitchi, pakuti anthu a kuno amayamba moni wawo ndi nkhani ya nyengo monga ife timayambira ndi kufunsa za kunyumba. Choopsa kwenikweni ndi usiku umene kumwamba kwayera, chifukwa madzi onse a pamsewu amaundana nkukhala ngati galasi losaoneka. Usiku wotero magalimoto akuluakulu a khonsolo amazungulira m'misewu akumwaza mchere wosakaniza ndi timiyala, ndipo m'makona ambiri muli mabokosi achikasu a mchere womwewo kuti aliyense atapeko ndi kuthira pakhomo pake. Kuntchito kwathu timaopa masiku amenewa, popeza munthu wokalamba akaterereka ndi kuthyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri sabwereranso mwakale.

Nyumba imene ndimakhala ndi imodzi mwa nyumba zakale za miyala yofiirira zimene zadzaza mumzinda muno, zosanjikizana kanayi, zomwe amazitcha tenement. Mabanja asanu ndi atatu timalowera khomo limodzi ndi kukwera masitepe amodzi, ndipo malo olowera amenewo amawatcha close. Zipinda zake ndi zazitali kudenga, zokongola ndithu, koma kuzitenthetsa kumadya ndalama. M'chipinda chilichonse muli chitsulo cha kukhoma chimene mumayenda madzi otenthetsedwa ndi gasi, ndipo mita yanga ndi yolipiriratu, monga momwe timagulira mayunitsi a magetsi kwathu, choncho ndimaona ndi maso ndalama zikutha tsiku ndi tsiku. Ndaphunzira kuyatsa ola limodzi m'mawa ndi maola awiri madzulo, kutseka makatani dzuwa likangolowa, ndi kugona ndi botolo la labala la madzi otentha kumapazi. Zovala siziuma panja ngakhale pang'ono. Kudenga la kukhitchini kuli timitengo tinayi tautali tomangidwa pa chingwe, timene munthu amatitsitsa, kuyanika zovala, nkutikwezanso m'mwamba kumene kumasonkhana mpweya wofunda. Ukayanika osatsegula windo pang'ono, chinyontho chimakhala pakhoma ndipo chuku chakuda chimayamba m'makona.

Pa masitepe amenewa ndi pamene ndinapeza munthu woyamba amene anandichotsa m'kusungulumwa. Moyang'anizana ndi khomo langa mumakhala mayi wina wamasiye wa zaka zoposa 70, amene kwa miyezi iwiri tinkangopatsana moni wapakamwa. Tsiku lina mu Disembala ndinadwala chimfine choopsa, ndipo zikuoneka kuti ankandimva ndikutsokomola usiku. Madzulo ake ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinawapeza ataima atanyamula poto wokutidwa ndi kansalu, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chivindikiro. Sanafune kulowa, anangonena kuti ndidye usanazizire ndipo poto ndidzabweza ndikachira. Munali msuzi wokhuthara umene amautcha Scotch broth, wophikidwa ndi fupa la nkhosa, balere, nsawawa zouma, karoti, anyezi wa masamba aatali ndi chomera china cha chitsinde chozungulira, chachikasu m'kati, chimene iwo amachitcha neeps. Ndinakhala pampando wa kukhitchini ndikudya msuziwo ndi buledi, misozi ikutsika, chifukwa ndinakumbukira mmene amayi anu ankatumizira phala kunyumba kwathu agogo akadwala. Pobweza poto uja sindinafune kuti apite wopanda kanthu, ndiye ndinaikamo nyemba zophika ndi tomato pamodzi ndi mpunga wa Kilombero. Musadabwe, achemwali, mpunga wa ku Karonga umapezeka kuno m'masitolo ena a malonda achilungamo, ndipo m'matchalitchi ena amaugulitsa pofuna kuthandiza alimi a kwathu. Kuyambira tsiku limenelo poto ameneyu amangoyendayenda pakati pa makomo athu awiri.

Zakudya za anthu a kuno m'nyengo ino ndi za anthu amene makolo awo ankalimbana ndi chisanu ali ndi zochepa. M'mawa amadya phala la oats, ndipo okalamba ambiri amene ndimawasamalira amafuna lothira mchere, osati shuga. Masana msuzi susowa, kaya wa mphodza zofiira wophikidwa ndi fupa la nkhumba, kaya wa nsomba yowamba ndi utsi yosakaniza ndi mbatatesi ndi mkaka, umene amautcha Cullen skink potengera dzina la mudzi wa asodzi wa kumpoto chakum'mawa. Msuzi wa nsombawu ndimaukonda kwambiri chifukwa fungo lake limandikumbutsa chambo chowamba. Madzulo chakudya chofala ndi nyama yogaya yophika ndi anyezi, yodyera mbatatesi zophwanya. Ine nsima sindinaisiye. Ufa ndimagula m'masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia, ndipo wambiri umachokera ku South Africa; ndi woyera bwino koma sukoma ngati wa kuchigayo kwathu. Masamba amene pa Chingerezi amawatcha kale ndi amene amalowa m'malo mwa repu, ndipo ndikawatendera ndi chiponde cha m'botolo, mtima umakhala pansi.

Khirisimasi inali yabata kuposa mmene ndinkayembekezera: mabasi ndi sitima siziyenda, masitolo amatseka, ndipo aliyense amakhala m'nyumba ndi abale ake. Chikondwerero chimene eni dziko amachitenga ngati chawochawo ndi usiku wa pa 31 Disembala, umene amautcha Hogmanay. Mayi aja anandifotokozera kuti abambo awo ali mnyamata ankapita kuntchito tsiku la Khirisimasi monga tsiku lina lililonse, chifukwa mpingo wa Chipresibiteriya, womwe uja unatumiza amishoni amene anayambitsa Blantyre Mission mu 1876, kwa zaka mazana ambiri sunkalimbikitsa chikondwererochi, ndipo Khirisimasi inakhala tchuthi cha boma mu Scotland mu 1958. Ndiye mphamvu zonse za chisangalalo anthu ankazisungira chaka chatsopano, ndipo mpaka lero pa 2 Januwale pamakhalanso pa tchuthi. Usiku umenewo anandiitana kunyumba kwawo, kumene kunabwera ana ndi zidzukulu zawo. Masana onse anali atakolopa nyumba ndi kutaya zinyalala, pakuti amati chaka chatsopano chisapeze litsiro la chaka chakale. Itakwana 12 koloko usiku tinagwirana manja mozungulira ndi kuimba, kenaka mdzukulu wawo wamkulu, mnyamata wamtali wa tsitsi lakuda, amene anali atatulutsidwa panja nthawi isanakwane, anagogoda ndi kulowa atanyamula kachidutswa ka malasha, mabisiketi a batala ndi botolo la whisky. Mwambowu amautcha first-footing: munthu woyamba kuponda pakhomo m'chaka chatsopano amabweretsa mwayi, ndipo malashawo amatanthauza kuti moto usazime m'nyumbamo. Nyumba za masiku ano sizisonkhanso moto wa malasha, koma mayi aja amasunga kachidutswa kamodzi m'kabati chaka ndi chaka chifukwa cha usiku umenewu. Ndinaona kuti anthu amenewa, amene pamsewu amaoneka ngati osalabadira za wina, ali ndi miyambo ya pakhomo imene amaigwira mwamphamvu monga ife timagwirira yathu.

Masiku atatu apitawo, pa 25 Januwale, tinali ndi mgonero wokumbukira mlakatuli wawo wamkulu, Robert Burns, amene anabadwa tsiku limeneli mu 1759. Kuntchito tinakonzera okalamba athu. Chakudya cha tsikuli ndi haggis, yomwe ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogayidwa pamodzi ndi oats, anyezi, mafuta ndi tsabola, ndipo kale ankaziphikira m'chifu cha nkhosa yomweyo. Alendo ambiri amachita nayo mantha, koma kwa ife amene tinakulira zamkati za mbuzi ndi matumbo okulunga palibe chachilendo, ndipo ndikukuuzani kuti ndi yokoma. Anailowetsa pa mbale yaikulu, woimba chitoliro cha thumba ali patsogolo, ndipo bambo wina wa zaka zoposa 90, amene masiku ambiri sakumbukira ngakhale dzina la mwana wake, anaimirira ndi ndodo yake nkulakatula ndakatulo yonse ya mwambowu pamtima m'chilankhulo chawo cha Scots, osaphonya. Pa chipinda chonsecho panalibe amene anatsokomola.

Mumzinda muli malo ofunda amene munthu angapite osalipira. Nyumba yosungirako zinthu zakale ndi zojambula ya Kelvingrove, yomwe inatsegulidwa mu 1901, kulowa ndi kwaulere, ndipo masana amaimba limba lalikulu la mipope. Ndimapitako pa sitima ya pansi pa nthaka, imene inayamba kuyenda mu 1896 ndipo imangozungulira masiteshoni 15. Mwezi uno kulinso chikondwerero cha nyimbo cha Celtic Connections, chimene chinayamba mu 1994 ndipo chimachitika dala m'Januwale, pamene anthu atopa ndi mdima ndipo akufuna pokumana.

Koma ndisakunamizeni kuti onse kuno ali pabwino. Alipo anthu amene amasankha pakati pa kugula chakudya ndi kuyatsa gasi, alipo ogona m'makonde a masitolo m'kati mwa mzinda usiku wa chisanu, ndipo kutchalitchi kwathu holo imatsegulidwa masiku ena pa sabata kuti aliyense abwere kudzafundako, kumwa tiyi ndi kulandira msuzi. Ndimathandizako Lachitatu ndikakhala kuti sindili kuntchito, ndipo ndaona kuti ambiri amene amabwera ndi okalamba okhala okha, amene sabata yonse sanayankhulepo ndi munthu. Zimenezi zimandipweteka mtima kuposa kuzizira, chifukwa kwathu ngakhale m'miyezi ino ya njala nkhalamba siitha tsiku popanda wina woisuzumira pakhomo.

Masiku ayamba kutalika pang'onopang'ono. Dzulo ndinali pa tchuthi ndipo ndinaona kuti nthawi ili cha m'ma 4:30 kunja kunali kukadawala, ndipo pansi pa mitengo ya kupaki timaluwa toyera tayamba kutuluka m'nthaka yozizirayo. Mayi aja akuti kukacha bwino mu Epulo adzanditengera ku Blantyre ya kuno, kamtauni kamene kali pafupi ndi Glasgow m'mphepete mwa Clyde, kukaona nyumba imene anabadwiramo David Livingstone mu 1813, ndipo ndidzakutumizirani zithunzi.

Mundilembere za kumunda. Kodi mvula ikugwa bwino, nanga feteleza wachiwiri munathira pa nthawi yake? Kodi bowa ndi ngumbi zatuluka chaka chino? Mukapeza munthu wobwera kuno, munditumizire zitenje ziwiri, chimodzi changa ndi china chokhala ndi mtundu wobiriwira choti ndidzawapatse mayi aja, chifukwa anachiyamikira chija ndinayala patebulo. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amayi, ndipo muwauze kuti ndimawakumbukira m'mapemphero tsiku ndi tsiku.

Ndine mnzanu ndi mchemwali wanu wokukondani,
wa kuno ku Glasgow