Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: tinachira, koma za kuchipinda atiuze ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mayi wa ku Lifuwu, m'boma la Salima. Ndili moyo chifukwa madokotala anandichotsa chiberekero khansa isanafalikire, ndipo mwana wanga wamkazi anabayitsa katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Pamenepo ndiye zikomo. Koma lero ndabwera ndi nkhani imene ambiri amaichitira manyazi.

Tsiku limene ndinkatuluka m'chipatala anandilangiza za bala, za mankhwala ndi za tsiku lobwerera. Za m'nyumba anangoti, "Mudikire masabata 6." Basi. Palibe anandiuza kuti akachotsanso timatumba ta mazira, mayi amasiya kusamba msinkhu usanakwane, njira ya abambo imauma, ndipo kukhala malo amodzi kumapweteka. Ine ndinkangoti matenda aja abwerera.

Abambo a kunyumba, omwe ndi asodzi, anatenga mphasa n'kumakagona pakhonde pafupi ndi maukonde awo. Sikuti ankadana nane ayi. Ankaopa kung'amba bala, ankaopanso kutenga khansa, chonsecho khansayo munthu sapatsira mnzake. Apongozi anga nawo anayamba kunong'ona zoti mkazi wopanda chiberekero ndi mtsuko wobooka, mpaka nkhani inafika kwa ankhoswe.

Kwa amayi amene analandira radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, ndiye zimaposa pamenepa. Njira ija imachita zipsera n'kuyamba kuchepa, moti ngakhale namwino amavutika kuwayeza. Kulitu kachipangizo kotchedwa dilator kothandiza kuti isatsekeke, alikonso mafuta oterera opangira zomwezi. Kodi mayi wa ku Khombedza kapena ku Chipoka angazidziwe bwanji popanda womuuza?

Pempho langa n'lakuti mayi asanatuluke m'chipatala, namwino akhale pansi ndi iye pamodzi ndi mwamuna wake, chitseko chili chotseka, awauze zonse mosapsatira. Mafuta aja azipezeka pomwe timatengera makondomu aulere. Anankungwi nawonso muwaphunzitse, paja za kuchipinda ifeyo tinazimvera kwa iwo.

Abambo kwathu anabwerera m'nyumba patatha miyezi 8, namwino wina wopuma pantchito wa kumpingo kwathu atawakhazika pansi. Mnzanga amene tinagonekedwa wodi imodzi analibe womulankhulira. Mwamuna wake anakakwatira kwina.

Ine wanu,
Mayi wa ku Lifuwu