Madooko a mu Luangwa akufunika mipanda ndi mijigo

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndidandaule za ngozi zimene anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa muno m'Zambia tikukumana nazo chifukwa cha mvuu ndi ng'ona. Chandikumbutsa nkhaniyi ndi kanema amene mwana wanga anandionetsa pa foni, wojambulidwa mu 2017 ku Steveston m'dziko la Canada. Nyama ya m'nyanja yotchedwa sea lion, imene anthu ankaiponyera zakudya, inavuuka mwadzidzidzi, n'kuluma diresi la kamtsikana kamene kanakhala m'mphepete mwa doko, n'kukakokera m'madzi. Mwamwayi munthu wina wamkulu anadumphiramo nthawi yomweyo n'kukavuula.

Kumeneko akuluakulu angathe kuuza anthu kuti asayandikire madzi, pakuti ambiri amapitako kukangoona nyama. Nanga mayi wa m'dera la Mfumu Kakumbi kapena Mfumu Nsefu, kuno ku Mambwe, mungamuuze bwanji zimenezo pamene madzi akumwa, ophikira ndi ochapira ali kumtsinje komweko?

Vutoli limakula m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene zitsime zambiri zimaphwa ndipo mtsinje umatsala m'maiwe ochepa. Mvuu zimaunjikana m'maiwe amenewo, zimamenyana, ndipo yaikazi yokhala ndi mwana siilola kuti bwato liyandikire. Usiku zimatuluka kukadya msipu, n'kulowa m'madimba mwathu. Mlimi amene walawirira m'mamawa n'kupezeka pakati pa mvuu ndi madzi ake amakhala pangozi yoopsa, chifukwa ngakhale ndi yonenepa, nyamayi imathamanga kuposa munthu. Ng'ona nayo imaonetsetsa malo amene anthu amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake dooko limene amayi alizolowera ndi limenenso limaopsa kwambiri. Ine ndemwe ndinaperekezapo maliro a mnyamata amene anagwidwa akutsuka ukonde, ndipo kulira kwa mayi ake sindinakuiwale mpaka lero.

Ngakhale mvuu yakufa ili ndi ngozi yake. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax m'boma la Chama, ndipo anthu mazanamazana amene anasenda kapena kudya nyama yake anadwala, ena n'kumwalira. Ambiri anaidya chifukwa cha njala, osati chifukwa cha umbuli.

Sindikupempha kuti nyamazi ziphedwe. Alendo amene amatera pabwalo la ndege la Mfuwe kudzaona paki ya South Luangwa ndi amene amapatsa ntchito ana athu m'malo ogona alendo, ndipo lamulo la nyama zakutchire la 2015 limaziteteza. Koma lamulo lomwelo limazindikira makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, amene timawatchula kuti ma CRB, ndipo makomitiwa amalandira gawo la ndalama zochokera ku ulenje wovomerezeka. Maganizo anga ndi akuti ndalama imeneyo, pamodzi ndi ya thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu lotchedwa CDF, iyambe yapita ku madzi. Mudzi uliwonse woyandikana ndi mtsinje ukhale ndi mjigo wogwira ntchito, wokhala ndi malo ochapira pambali pake, kuti chifukwa chopitira kumtsinje chichepe. Pamene mjigo sungakumbidwe msanga, dooko litchingidwe ndi mpanda wa mitengo yolimba ndi waya wolowa mpaka pansi pa madzi, ndipo uzikonzedwanso madzi osefukira akaphwera chaka chilichonse.

Ndikupemphanso a nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire kuti aziyendera midzi ndi sukulu chilimwe chisanafike, n'kuuza anthu nambala ya foni yoti aziimba akaona ng'ona kapena mvuu yovuta. Mafumu athu ndi makhansala aike nkhaniyi patsogolo pamsonkhano wawo wotsatira, zitsime zisanaphwe.

Ndine wowerenga wanu,
Mfuwe, Mambwe