Tsiku lonse kuthera m'njira, holide yake iti?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono. Mwezi wathawu tinachoka ku Bangkok kupita ku Lisbon kukapitiriza holide, koma eeh tinazionatu. Amati fikani pa eyapoti maola 3 ndege isananyamuke, ndiye ife 4 koloko mbandakucha tili kale pamzere maso ali psuu. Pachipikisheni anandilanda mafuta odzola ati botolo lapitirira 100ml, vulani lamba, tulutsani laputopu, munthu wamkulu ine buluku kuchita kugwira ndi dzanja. Kenako maola 6 kudikira ndege yachiwiri, kugona pampando wachitsulo chikwama ndatsamira, foni yathima masoketi onse anzathu akhalira. Tinafika usiku miyendo itatupa, sutikesi yanga osaoneka, inabwera patatha masiku awiri ine ndikungochapa malaya amodzi omwewo musinki.

Ndine wowerenga wanu wotopa.