Kope la nkhani yanga laopseza akazi anga

Agogo,

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, bambo wa ana atatu, ndipo usiku ana akagona ndimalemba nkhani zopeka. Chaka chino ndayamba buku la nkhani ya upandu: mtsikana wasowa pa shopu imene amagwira ntchito, ndipo wapolisi wofufuza milandu akuganiza kuti anachita kumugonetsa ndi mankhwala asanamunyamule. Nkhani imeneyi ndiyo yandiutsira mavuto pakhomo.

Sindinafune kulemba bodza. M'mafilimu timaona chigawenga chikutseka munthu pamphuno ndi kansalu konyowa, iye n'kugwa pompo ngati thumba la chimanga. Nditawerenga ndinapeza kuti sizitero. Chloroform, mankhwala onyowetsera kansaluko, amene dokotala wa ku Edinburgh, James Young Simpson, anayamba kugonetsera odwala mu 1847, amatenga mphindi zingapo kuti agwire, ndipo ndi woopsa ku mtima. Mu 1848 mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, anafa naye ku England pomuchotsa chikhadabo cha kuphazi basi. Zipatala zinasiya chloroform kalekale. Ndiye ndinati ndifunse mwini ntchito.

Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amagonetsa odwala ku fiyeta pa chipatala china cha boma. Atabwera kudzationa, poyamba anandimasukira. Anati kugonetsa munthu n'kosavuta, ntchito yagona pomusunga wamoyo mpaka adzuke. Iwo amakhala kumutu kwa wodwala, dzanja lili pachibwano pake, khutu lili ku kamakina kopana chala kamene kamalira motsatira mtima, ndipo kulirako kukangosintha amadziwa kuti mpweya wachepa m'magazi. Anandiuza za ketamine, amene zipatala za m'maboma zimamudalira kwambiri: wodwala amatha kukhala maso ali tong'o koma osamva ululu, ndipo podzuka ena amabwebweta, ataona zoopsa ngati kutulo. Anandifotokozeranso kuti amaletsa kudya opaleshoni isanachitike poopa kuti masanzi angalowe m'mapapo. Zonsezi ndinkalemba dzanja likuthamanga, chifukwa ndinaona nkhani yanga ikukhala ndi mnofu.

Kenako ndinafunsa za muyezo wa ketamine uja, komanso ngati munthu angazindikire ataikiridwa m'chakumwa. Anaika kapu pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Alamu, izo ayi." Ananyamuka tiyi asanamalize.

M'mawa mwake akazi anga posesa anapeza kope langa lili chitsegulire patebulo. Pamwamba pa tsamba ndinali nditalemba kuti, "Adzuka pakatha maola angati? Aikumbukira nkhope yake?" Chiyambire tsiku limenelo samwa tiyi amene ndimawapangira Lamulungu lililonse m'mawa, mwambo wathu wa zaka 11. Amangoti, "Bambo, lero sindikumufuna," koma pakapita kanthawi ndimamva akutereka ketulo okha kukhitchini. Sanandinenere liwu loipa ngakhale limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko ndi kumene kukundidya mumtima.

Sindikuwaimba mlandu. Kwawo ndi ku Mulanje, ndipo mu 2017 anaona ndi maso awo zimene mphekesera za anamapopa zinachita. Anthu ankati alendo amapopera mankhwala ofoola m'nyumba usiku, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pongoganiziridwa. Komanso tonsefe tinakula tikumva za akuba ogonetsa banja lonse ndi mchira wa fisi. Kwathu kuno munthu wofunsa za kugonetsa mnzake samuyang'ana kawiri. Ndikuopanso kuti nkhaniyi ikafika kwa makolo a ana amene ndimaphunzitsa, ndani adzamvetse zoti ndi buku chabe?

Ndithandizeni, Agogo. Kodi ndiwakhazike pansi akazi anga ndiwawerengere nkhani yonse kuyambira pachiyambi, kapena nkhani yafika poitana ankhoswe? Nanga alamu anga ndikawapepese bwanji? Ndazindikira mochedwa kuti mankhwala amenewa amawerengedwa ndi kusainidwa, ndipo botolo limodzi litasowa kuntchito kwawo, funso langa lija likhoza kuwapachika iwo.

Funso lomaliza ndi la bukulo. Ndayamba kuona kuti owerenga anga sakufuna muyezo wa mankhwala, akufuna kumva mantha a mtsikanayo podzuka m'chipinda chachilendo, kukhosi kuli gwa, osadziwa ngati kwacha kapena kwada. Kodi ndichotse ngakhale dzina la mankhwalawo, kuti wina wamtima woipa asadzaphunzire kanthu kwa ine? Masamba 140 olemba pamanja sindikufuna kuwataya, koma ndikufunitsitsa akazi anga alandirenso kapu kuchokera m'manja mwanga.

Ine wothedwa nzeru,
Mphunzitsi, Zomba