Tisamathamangire kumanda magazi oundana asanapimidwe

Akonzi,

Mundilole ndiyankhulepo pa imfa zadzidzidzi zomwe zimabwera patapita masabata munthu atachita ngozi, chifukwa mabanja akutaya chipukuta misozi pongothamangira kuika maliro, komanso agogo osalakwa akumenyedwa m'midzimu ati ndi afiti.

Zimachitika chonchi. Munthu wagundidwa ndi wakabaza, mwendo wathyoka, kuchipatala amuika chikhakha nkumutulutsa, ali kunyumba chigonere pamphasa masabata atatu nsima akudya bwinobwino, kenako tsiku lina akuti adzuke apite kubafa basi wabanika, wagwira pachifuwa, wagwa, wapita. Achibale amati pali wina wachita zimenezi, a inshuwalansi amati imfa iyi ndi ngozi ija nzosiyana, wakabaza naye amati ine ndinangothyola mwendo. Koma kawirikawiri chomwe chachitika nchoti magazi anaundana mumtsempha wamkati mwa katumba chifukwa chosayenda, ndiye chibuluma chija chathothoka nkuyenda mpaka kukatseka mtsempha wakumapapo. Dokotala wa ku Germany Rudolf Virchow anazifotokoza kalekale zimenezi, cha m'ma 1850.

Chomwe ambirife sitidziwa nchoti dokotala wopima mitembo atha kuyerekeza kuti chibulumacho chakhala nthawi yaitali bwanji. Amayamba waona kaye ngati magaziwo anaundana munthu ali moyo kapena atafa kale. Oundana mumtembo amakhala onyezimira, ofewa, sagwira khoma la mtsempha, ukakoka amangosololoka, pamwamba pake pachikasu ngati mafuta a nkhuku pansi pofiira moderako. Oundana munthu akupuma amakhala ouma pang'ono, onyenyeka, omatirira kukhoma, ndipo amakhala ndi timizere toyera ndi tofiira tosinthana totchedwa mizere ya Zahn, tomwe timabwera pokhapokha magazi akuyenda.

Kenako amadula kachidutswa nkukaika pa maikulosikopu, apa ndiye pagona nkhani. Sabata yoyamba mumaoneka maselo oyera a magazi ali mbwee ndipo khoma la mtsempha limakhala lisanayambe kumerera mkati. Kuyambira sabata yachiwiri mpaka cha miyezi iwiri mumalowa maselo odya zinyalala, amadya maselo ofiira ofa nkutsala ndi ayironi mkati mwawo yemwe akamuthira mankhwala a Perls amasanduka wabuluu, komanso timitsempha tatsopano timayamba kumera kuchokera kukhoma. Ikadutsa miyezi iwiri chibuluma chimakhala chasanduka chipsera cholimba chokhala ndi tinjira tomwe magazi ayambanso kudutsamo. Katswiri wina dzina lake Irniger analemba za masitepe amenewa mu 1963, ndipo mu 2009 Fineschi ndi anzake ku Italy anawaika m'magawo atatu omwe ndatchulawa. Opima mitembo satchula tsiku lenileni ayi, amangoti pakati pa nthawi yakuti ndi yakuti, koma kukhoti zimenezo nzokwanira kusintha mlandu. Chibuluma chikapezeka cha masabata awiri kapena atatu ndiye chikugwirizana ndi ngozi ija ndipo ana amasiye ali ndi poyambira. Chikapezeka choposa miyezi iwiri ndiye kuti vuto linalipo kale, wakabaza uja tisamusenzetse mtolo onse. Chimodzimodzi mayi yemwe wamwalira patapita masiku atachitidwa opaleshoni yobereka, funso loti zinayamba ali kuwodi kapena atatuluka nthawi zina litha kupeza yankho mumtsempha momwemo.

Vuto ndi loti izi zimatheka pokhapokha ntchito yagwiridwa mokwanira. Kungotsegula pachifuwa nkuona ndi maso sikokwanira, chifukwa kachidutswa kofika kumapapo katha kukhala kansonga katsopano pomwe tsinde lakale latsala kumwendo, ndiye wopimayo akuyenera kutsegulanso akatumba, kudula chibuluma limodzi ndi khoma la mtsempha wake, kuika mu fomalini, mankhwala oteteza kuti zisawole, nkutumiza kulabu. Madokotala a ntchito imeneyi kuno ndi owerengeka zedi ndipo banja la kumudzi lilibe ndalama yosungira thupi kumochale masiku ambiri.

Pempho langa ku unduna wa zaumoyo ndi ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) ndi loti amene amapima mitembo m'zipatala zam'maboma aphunzitsidwe katengedwe ka tizidutswa timeneti, apatsidwe mabotolo ndi fomalini, ndipo mayendedwe ake opita kulabu asakhale pamutu pa ofedwa. Kachidutswa kakalowa m'botolo thupi litha kupita kumudzi tsiku lomwelo, zotsatira nkubwera pambuyo.

Wowerenga wanu,
Zomba