Lipoti la msonkhano wa oyamba kumene mabizinesi

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa masiku awiri umene munandituma. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma, pamodzi ndi ndalama imene inatsala pa alawansi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ena mwa inu munanena poyera kuti ndalama ya ulendowu ikanachita bwino kulowa m'thumba la ngongole. Ndikupempha kuti muwerenge kaye mpaka kumapeto.

Tsiku loyamba m'mawa kunali malonje, zolankhula za alendo olemekezeka, ndiponso phunziro la kulembetsa bizinesi ndi misonkho, zomwe ambirife tinamva kale. Mapepala ake ali kwa a Mlembi.

Chimene chinandigwira mtima chinabwera masana. Mayi amene ankaphunzitsa anati aliyense alembe mayina a anthu khumi amene angawaimbire foni mawa lomwe atafuna kasitomala watsopano kapena malo abwino ooda katundu. Titamaliza anati tichonge onse amene amadziwana okhaokha. Pa anthu anga khumi, asanu ndi atatu munali inu a m'gulu lino. Amene ndinakhala nawo tebulo limodzi zawo zinali chimodzimodzi: achibale, anzawo a m'gulu, basi.

Apa m'pamene mayiwo anatifotokozera za kafukufuku wa Mark Granovetter, katswiri wa ku America wa za kakhalidwe ka anthu, amene anatuluka mu 1973. Iye anafunsa anthu a ku Newton, kufupi ndi Boston, amene anali atangopeza ntchito yatsopano, kuti anaimva kwa ndani. Mwa omwe anaipeza kudzera mwa munthu wina, pafupifupi 17 okha pa 100 alionse ndiwo ankaonana pafupipafupi ndi munthuyo. Otsalawo anathandizidwa ndi anthu amene ankakumana nawo mwa apo ndi apo, ena mwina kamodzi pachaka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mnzako wapamtima amayenda m'malo amene iwenso umayenda, ndipo zimene wamva iye, iwenso unazimva kale. Koma munthu amene munaphunzira naye kalekale, kapena amene munangodziwana pa ntchito ina, amacheza ndi anthu amene iwe suwadziwa, ndiye nkhani yake imakhala yachilendo kwa iwe. Mu 2022 kunatulukanso kafukufuku wina wa anthu oposa 20 miliyoni a pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lodziwanirana pa za ntchito, wa zaka zisanu, ndipo anapeza kuti othandiza kwambiri ndi amene mumadziwana pang'ono, osati apamtima komanso osati achilendo kotheratu. Kafukufuku yenseyu anali wa ofuna ntchito, koma ine ndikuona kuti wofuna kasitomala ali m'njira yomweyo.

Ndikumvetsera, maganizo anga anali pa gulu lathu. Timagulana tokhatokha, timabwerekana tokhatokha, ndipo makasitomala athu ambiri ndi abale a mamembala anzathu. Kukondana kumeneku sindikukunyoza, ndi kumene kwatisunga pa nthawi zovuta. Koma ndalama yake ndi imodzimodzi, ikungochoka m'thumba ili kulowa m'thumba ilo. N'chifukwa chake mwezi ukavuta timavutika tonse nthawi imodzi, ndipo obweza ngongole amasowa.

Pamenepa ndiyenera kunena zimene zakhala zikundipweteka. Chaka chatha tinagwirizana kuti amene wapeza malo ooda katundu motchipa azidziwitsa anzake. Tonse tikudziwa kuti alipo ena pakati pathu amene ali ndi manambala a opikulitsa, koma ukawafunsa amati foni inatayika, mawa lake n'kuwaona atabweretsa katundu watsopano. Komanso amene anapita ku msonkhano ulendo wapita uja sanatipatse dzina ngakhale limodzi la munthu amene anakumana naye. Sinditchula munthu, koma ngati gulu lalipira ulendo, anthu amene nthumwi yadziwana nawo kumeneko ndi a gulu. Tikabisirana chonchi m'nyumba mwathu momwe, sindikuona mmene tingakapemphere anthu akunja kuti atitsegulire makomo awo.

Tsiku lachiwiri tinayamba ndi za kulemba ndondomeko ya bizinesi ndi kutsatsa malonda pa Facebook. Zinali zachidule, ndipo sindinatolepo chachilendo.

Gawo la kasungidwe ka anthu odziwana nawo ndilo linali ndi nzeru zogwira ntchito lero lomwe. Anatiuza za Robin Dunbar, katswiri wa ku Britain amene anawerengera kuti munthu angathe kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150. Choncho kudzaza foni ndi manambala si kudziwa anthu. Ukakumana ndi munthu, lemba kuseri kwa khadi yake kumene mwakumana ndi chimene iye akusowa, kenako umutumizire uthenga masiku awiri asanathe, akukukumbukirabe. Tsiku loyamba usapemphe ndalama kapena oda. Pempha nzeru, funso limodzi lomveka bwino, chifukwa anthu ambiri amene anayamba kale bizinesi amakondwa kufunsidwa za njira imene anadutsa. Ndipo uyambe ndiwe kupereka, kaya ndi kumulozera kasitomala amene iwe sungathe kumuthandiza, kaya kumudziwitsa kwa munthu wina, paja kupatsa n'kuika. Anatichenjezanso kuti usanapereke nambala ya munthu kwa wina uyambe wamupempha mwiniwake. Anatiyesetsanso kunena zimene timachita m'chiganizo chimodzi. Ambiri tinkayamba ndi mavuto a mpamba, womvera n'kutopa asanadziwe n'komwe chimene timagulitsa.

Pomaliza panali mfundo ziwiri zoti nthumwi zivotere. Yoyamba inali yoti pakhale kaundula mmodzi wa mabizinesi a magulu onse amene anabwera, wolembedwa dzina, ntchito ndi nambala, kuti tizitumizirana makasitomala. Iyi inadutsa, ndipo ndinaivomera m'dzina lanu, koma ndinapempha kuti munthu azilembedwa pokhapokha wavomera yekha.

Yachiwiri ndinaikana. Ena ankafuna kuti magulu atengere njira ya BNI, bungwe lotumizirana makasitomala limene Ivan Misner anayambitsa ku California mu 1985. Kumeneko nthambi iliyonse imalola munthu mmodzi yekha pa ntchito iliyonse, kuti mamembala asalimbirane kasitomala. Ubwino wake ndikuuona, koma ife tili ndi atelala anayi komanso ogulitsa zinthu zofanana angapo. Tichotsa ndani? Ndipo amene angatsale ndi omwe ali kale ndi mphamvu, pamene gulu lino tinaliyambitsira ongoyamba kumene. Ine ndikuti ochita ntchito yofanana aziodera limodzi katundu ndi kugawana maoda akuluakulu amene mmodzi sangawakwanitse. Mfundoyi sinathe, aibwezera ku magulu kuti akambirane, ndiye mudzanena nokha ngati ndinakuyankhulirani bwino.

Ndabwera ndi makhadi a anthu amene ndinacheza nawo, ndipo onse ndawalemba m'buku la gulu limene lili kwa a Mlembi, pamodzi ndi chimene aliyense akufuna. Onsewo anavomera kuti mamembala athu awaimbire. Mmodzi mwa iwo ndi wopikulitsa nsalu amene ali wokonzeka kutsitsa mtengo ngati atelala athu ataoda pamodzi, ndipo ndinamulonjeza yankho sabata ino isanathe. A Wapampando, ndikupempha kuti atelala akumane Lachinayi lisanafike, ndipo nkhani ya manambala obisidwa ija ikhale yoyamba pa msonkhano wathu ukubwerawu.

Ine nthumwi yanu.